Utoto Wochokera m'Maenje a Njerwa

Olemekezeka wapampando wa mwambo uno, amene mwatisonkhanitsa ndi kutipezera mthunzi;

Olemekezeka akuluakulu ochokera ku khonsolo ya mzinda wathu, a nthambi ya zaumoyo pamodzi ndi a nthambi ya za malo;

Olemekezeka mkulu wa bungwe la anthu aluso, ndi amisiri nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzaona ya mnzanu;

Olemekezeka atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, aphunzitsi ndi ophunzira anu;

Olemekezeka eni malo ano, bambo athu amene dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale chifukwa tonse timangoti a Mauvuni, pamodzi ndi ana awo ndi apongozi awo;

Anamwino ogwira nane ntchito amene mwakhala kumbuyo uko, mwatchena mpaka ndinakupatsani moni ngati alendo;

Olemekezeka mwini chionetsero chino, mayi wathu wojambula, ndi bambo akunyumba kwawo amene lero atseka shopu yawo yometera, kusiya mitu ya anthu ili nyankhalala;

Atolankhani, amayi ndi abambo, achinyamata ndi ana nonse, ndikupatsani moni ndi ulemu wonse.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ndikuthokoza amene anasesa njira imene tadzera, amene anasenza mipando, amene anakoka madzi othirira mbande m'miyezi ya dzuwa, ndi amene anakhoma denga la shedi iyo mphepo italisasula. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mawu amenewa si mwambi chabe, tinaona ndi maso athu anthu atalisenza.

Pamene anandiuza kuti ndikhale mlendo wolemekezeka, ndinafunsa ngati sanasokoneze. Ine ndine dokotala wa matenda a m'chifuwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumvetsera mapapo a anthu, ndipo ndikajambula nkhuku, adzukulu anga amafunsa ngati ili ketulo. Sekani ndithu, nawonso amaseka. Koma mayi wathuyu anandiyankha kuti, "Adokotala, munthu amene anatseka chitseko ndi amene ayenera kubwera kudzatsegula china." Ndiye ndabwera. Ndipo poti ife madokotala sitiulula za odwala athu, ndinawapempha chilolezo, iwo ndi a Mauvuni, kuti ndikufotokozereni m'mene zinthu zinayendera. Onse awiri anavomera. A Mauvuni anangoti ndisatchule zaka zawo.

Mayi amenewa ndinawaona koyamba ali pa machira, atawathamangitsira ku wodi yathu akubanika. Milomo inali itada, maso ali tong'o, mpweya ukulowa ndi kutuluka molira ngati mluzu. Amuna awo anali pambali, atavalabe epuloni ya ku shopu, chipeso chili m'thumba, akungonena kuti, "Achita kugwa ali pantchito, achita kugwa ali pantchito." Tinawaika pa mpweya, tinawabaya, ndipo Mulungu anatithandiza, anatsitsimuka.

Atapeza bwino ndinawafunsa za ntchito yawo. Anali wojambula wodziwika kale. Zikwangwani za masitolo ambiri m'tauni muno zinali zochokera m'manja mwawo, ndipo zithunzi zawo zinkapachikidwa m'maofesi ndi m'mahotela. Koma ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ka windo limodzi, pakati pa zitini za penti ndi mabotolo a mankhwala osungunulira penti. Fungo limenelo analipuma kuyambira ali mtsikana. Nditaona zithunzi za mapapo awo, ndinawaitana pamodzi ndi amuna awo, ndinatseka chitseko, n'kuwauza kuti, "Mayi, penti ndi inu mwasiyana lero. Mukabwerera ku zitini zija, ulendo wina tidzakulandirani koma sitidzakutulutsani."

Olemekezeka, ndauzapo anthu ambiri nkhani zowawa. Ndauzapo anthu kuti asiye fodya, asiye mowa, asiye ntchito ya kumgodi. Ena amalira, ena amakalipa, ena amavomera ndi pakamwa pokha. Mayi awa sanalire ndipo sanakalipe. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenaka anati, "Nanga manjawa ndizikawasunga kuti?" M'mabuku athu munalibe mankhwala a funso limenelo.

Miyezi yotsatira ankabwera ku kiliniki monga tinapanganirana. Mapapo ankachira, koma mwini wake ankafota. Amuna awo anandinong'oneza kuti kunyumba amangokhala pakhonde, osayankhula, osaseka, ndipo maburashi onse anawamanga m'nsalu n'kuwaika pamwamba pa kabati. Anayesa kuwaphunzitsa kumeta. Munthu woyamba amene anamumeta sanabwerenso, ndipo ndamva kuti mpaka pano akadutsa pashopu paja amavala chipewa.

Tsono kunja kwa ofesi yanga kuli benchi yaitali pamene odwala amadikirira. Tsiku lina la mvula, pa benchi imeneyo panakhala bambo wina wamkulu, wotsokomola kwambiri, amene utsi wa mauvuni a njerwa unamulowa m'chifuwa kwa moyo wake wonse. Ndi a Mauvuni athuwa. Anali atabwera wapansi kuchokera kuno, nsapato zawo zili thope lokhalokha, moti woyeretsa m'chipatala ankawayang'ana ndi diso loipa. Pafupi nawo panakhala mayi wathuyu. Namwino amene anaona zimenezi ali pompano, akhoza kunditsutsa ngati ndikuwonjezera. Akuti mayiwa anayang'anitsitsa nsapato zija osaphethira, mpaka a Mauvuni anayamba kubisa mapazi kunsi kwa benchi.

Kenaka mayi anati, "Pepani bambo, mungandigawireko matope a pa nsapato zanuzo?"

A Mauvuni anayang'ana namwino, nafunsa motsitsa mawu, "Kodi mzere uno ndi wa chifuwa, kapena ndasochera?"

Koma anavula nsapato. Mayi anatenga kamtengo, napala matope aja, nayamba kuwapaka pa chikatoni chimene chinali pakona. Pa nsapato imodzi yokha panali mitundu ingapo: katondo wofiira ngati chiwindi, dothi lachikasu ngati pakati pa dzira, ndi dongo lotuwa lopita ku mtambo. Pamene nthawi ya mayiwa yolowa inakwana, anabwera ndi chikatoni chija m'manja. Panali nkhope ya a Mauvuni, makwinya onse, ndi chipewa chawo chopindika. Anachiika patebulo panga nati, "Adokotala, ichinso mundiletsa?" Ndinachinunkhiza. Chinkamveka fungo la mvula yoyamba. Ndinati, "Ichi sindinachiletse."

Kuyambira pamenepo pakhonde pawo panasanduka malo a ntchito. A Mauvuni anawalola kubwera kuno kumaenje awo akale kudzatapa dothi. Mayi anayamba kufufuza zimene zingagwire dothi pa nsalu kuti lisayoyoke, ndipo anayesa utomoni wa mitengo, anayesa madzi a makungwa owiritsa, anayesa phulusa ndi mwaye, zina zikukanika, zina zikununkha mpaka anansi kudandaula. Chakuda anachipeza m'makala, chofiirira anachipeza m'makungwa, choyera anachipeza m'dongo la pansi penipeni pa dzenje lalikulu ilo. Maburashi ena anapanga okha ndi tsitsi lochokera kushopu kwa amuna awo. Inde, ena mwa inu amene mumameta kumeneko, dziwani kuti muli ndi gawo m'zithunzi zimenezi.

Koma nkhani siinayende myaa. Patapita nthawi anawabweretsanso ku wodi, akubanika ngati poyamba. Nditafunsa, ndinapeza kuti dothi lija ankaliyanika, n'kulisinja mu mtondo, n'kulisefa, ndipo fumbi lonse linkathera m'chifuwa. Atatsitsimuka anandigwira dzanja nati, "Adokotala, musanene. Ndikudziwa chimene mukufuna kunena. Mukandilanda ichinso, mundisiyira chiyani?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi, amuna awo ali chiimire. Ndinati, "Dothi sindikulimbana nalo. Mdani wathu ndi fumbi. Tiyeni tiganize tonse." Kenaka bambo aja anakanda m'mutu nati, "Kwathu kushopu, tsitsi likamauluka timalinyowetsa." Ine ndinawonjezapo zanga: ntchito yonse izichitikira panja pamene mphepo ikudutsa, pamphuno pazikhala chotchinga, ndipo nyengo ya fumbi azibwera ndiwamvetsere. Kuyambira tsiku limenelo dothi amalipera lili lonyowa, pa mwala, pang'onopang'ono, ndipo ku wodi kuja sanagonekonso. Musaombe m'manja msanga, nkhani ikadalipo.

Poyendayenda kufunafuna mitundu ya dothi ndi makungwa, mayi wathuyu anayamba kuona zimene ambiri a ife timadutsa osaona. Ankabwera ku kiliniki ndi nkhani, osati za chifuwa, koma za malo. "Adokotala, mtengo uja unkandipatsa utoto wofiirira audula." Ulendo wina, "Khwawa lija munali dongo loyera ladzaza mapepala a pulasitiki." Ulendo wina, "Phiri lija aligumula mbali yonse, chikasu chija chapita ndi malole." Ine ndinkawerenga matenda m'mapapo a anthu, iwo ankawerenga matenda a nthaka, ndipo nthawi zambiri tinkapeza kuti odwala anga akuchokera kumalo omwewo kumene mitundu yawo ikutha.

Kenaka mbiri inafika yoti maenje ano akwiriridwa. Ntchito ya njerwa inali itatha, mauvuni atazima, a Mauvuni atakula. Mwana wawo wachisamba, amene ndi woyendetsa makina okonzera misewu, anagwirizana ndi abale ake kuti malole a zinyalala azidzakhuthula muno mpaka maenje adzaze, malo asalale. Ndipo ndikufuna mumve bwino, olemekezeka: mwanayu sanali munthu woipa mtima. Maenjewa anali akuya, m'mbali mwake muli chiphedi, nthawi ya mvula ankadzaza madzi, udzudzu unkaswana, ndipo ana a m'nyumba izi ankasewera m'mphepete. Iye ankaopa tsiku limene adzavuule mwana wa munthu m'madzi a bambo ake.

Tsiku lina anaperekeza bambo ake ku kiliniki, ndipo nditatha kuwapima anandifunsa maso ndi maso. "Adokotala, inu ndinu ophunzira. Choipa kwambiri n'chiti, dzenje la udzudzu kapena dzenje la zinyalala?" Ndinamuuza zoona. Ndinati, "Achimwene, zonse ziwiri zidzanditumizira odwala. Udzudzu udzatumiza a malungo. Zinyalala zidzatumiza a chifuwa zikamapsa, ndi a m'mimba madzi ake akalowa m'zitsime za kumunsi uko." Anapukusa mutu nati, "Ndiye mwandithandiza chiyani?" Anatuluka wosakondwa, ndipo ine ndinalibe njira yachitatu yomupatsa.

Madzulo ake anabwera kuno kudzauza mayi wathuyu kuti achotse zinthu zawo, malole ayamba posachedwa. Anawapeza atayanika nsalu zawo pa chingwe, kuseri kwa uvuni wakale uwo. Ndamva nkhaniyi kuchokera kwa onse awiri, ndipo sasiyana. Akuti anayamba bwino, mwaulemu, "Mayi, pepani, koma pano tikufuna..." ndipo mawu anathera pomwepo. Pa nsalu yaikulu imene inali patsogolo pake panali munthu atawerama pa chikombole cha njerwa. Nkhope siinkaoneka. Unkaoneka msana wokha, wopanda malaya, wonyezimira thukuta, wojambulidwa ndi katondo wa m'dzenje lomwelo.

Mwanayo anayang'anitsitsa msanawo. Kenaka anati, "Msana uwu ndikuudziwa. Msana uwu ndi umene unatipititsa kusukulu tonse."

Mayi anati, "Ndi dothi la bambo anu lomweli. Ine ndangolibwereka."

Iye anati, "Nanga ana akagweramo, chithunzichi chidzawavuula?"

Mayi anati, "Ayi, sichidzawavuula. Koma inu muli ndi makina. Ine ndili ndi mbande ndi manja. Mutagwetsa ziphedizi kuti zikhale zotsetsereka, madzi n'kuwatsegulira njira, ine ndingabzale udzu wogwira nthaka, nsungwi, bango, ndi mitengo yonse imene ndimapempha makungwa ake kwa eni ake. Tipatseni dzinja limodzi. Zikakanika, ndidzakuthandizani ine ndemwe kulozera malole pokhuthula."

Mwanayo anangobwerera kwawo. Koma Loweruka lotsatira anthu a kuno anadzidzimuka ndi phokoso la makina. Anali iye, atapempha chilolezo kwa abwana ake, akusalaza m'mbali mwa dzenje lalikulu. Ali pompano, wakhala kumanja kwa bambo ake, ndipo akuyang'ana pansi chifukwa sakonda kutchulidwa. Amenewo ndiye muwaombere m'manja.

Anthu a m'nyumba zozungulira anabwera ndi makasu. Amayi a pamsika anabweretsa masaka akutha oti atchinjirize nthaka. Mayi wathu anajambula ntchito yawo yaikulu kuposa zonse pa khoma la dzenje lenilenilo, mizere ya mitundu yonse ya dothi, yolukana ndi nsungwi ndi khonje, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinabwera kudzaona, ndipo ndinaima kukamwa kuli yasa.

Ndiyeno mvula inabwera, ndipo siinabwere mwaulemu. Inagwa yamphamvu masiku otsatizana. Mbali yaikulu ya khoma lija inagumuka, mizere ija inasungunuka, mbande zambiri zinakokoloka. Tsiku la kiliniki mayi anafika, ndinawamvetsera, mapapo ali bwinobwino, koma munthu ali zii. Potuluka anakumana ndi a Mauvuni pa benchi ija. Chitseko changa chinali chotsegula, ndiye ndinamva zonse.

Mayi anati, "Bambo, ndakunamizani. Zonse zapita. Muuzeni mwana wanu aitane malole."

A Mauvuni anatsokomola kaye, monga mwa nthawi zonse, kenaka anati, "Mwana wanga, walira mvula walira matope. Ukudziwa njerwa zanga zimene zinasungunuka m'maenje amenewo ndisanaziotche? Ndikanakhala wolira, bwenzi maenjewo atadzaza ndi misozi. Mvula ikakugwetsera njerwa, dothi silipita kutali. Limakhala pomwepo, likukudikira, ndipo limakhala litafewa kale. Pita ukaone chimene chatsala, usakaone chimene chapita."

Anapita. Anapeza kuti pamene udzu unagwira, nthaka siinasunthe. Anapeza kuti njira ya madzi imene mwana wa a Mauvuni anatsegula inagwira ntchito, madzi sanaime. Anabzalanso, mothinana kuposa poyamba. Khoma analijambulanso, koma ulendo uno analeka kulimbana ndi mvula, anaisiyira mipata yoti idutse. Chimene muone lero pa khoma limenelo si chimene mudzaone mvula ikubwerayi ikatha, ndipo iwo akuti zili bwino choncho, adzajambulanso.

Olemekezeka, malo amene akanakhala dzala la mzinda wonse, lero ndi munda, ndi sukulu, ndi nyumba ya luso. M'shedi iyo muona zithunzi zopangidwa ndi dothi, makala, makungwa ndi utomoni, popanda chitini chimodzi cha penti. Kunja muona mitengo imene idzapereke utoto kwa amisiri amene sanabadwe. Pansi pa chithunzi chilichonse alembapo kumene mtundu uliwonse unachokera, ndipo pena alembapo kuti malowo kulibenso. Mukafika pamenepo musathamange.

Kwa inu a khonsolo, pempho langa ndi lakuti maenje ngati awa alipo ambiri m'mphepete mwa mzinda wathu, ndipo si onse amene ali ndi mayi wojambula ndi mwana woyendetsa makina. Musanatumize malole, tumizani kaye munthu adzaone kuno. Kwa inu aphunzitsi, bweretsani ana, ndipo musawakalipire akabwerera yunifolomu ili mbuu. Kwa inu amisiri achinyamata, tsegulani mawindo pamene mukugwirira ntchito, tchingani mphuno zanu, ndipo chifuwa chikayamba kulira musadikire kuti akunyamuleni. Ndimakonda kukumana nanu pa zionetsero, osati ku wodi.

Ndisanakhale pansi, wapampando, ndapatsidwa uthenga woti ndipereke. M'mawa uno, pamene amamaliza kukonza m'shedi, apeza kuti pakona ya kumanzere, pamwamba penipeni pa chithunzi chachikulu, anamzeze amanga chisa. Matope omangira anawatapa m'beseni la mayi wathu, moti chisacho chili ndi mizere yofiira, yachikasu ndi yotuwa, ndipo mkati mwake muli mazira. Anyamata okonza anafuna kuchigwetsa kuti alendo apeze paukhondo. Mayi akana. Asuntha chithunzi chawo, amanga kachingwe mozungulira, ndipo akuti amenewo ndi amisiri anzawo, alowa nawo m'chionetsero. Choncho mukafika pakona imeneyo, tsitsani mawu, yendani mwa kachetechete, ndipo ngati mtima ukukuuzani kuti muombe m'manja, kaombereni panja. M'chisamo muli mayi amene akufungatira.

Tsopano, ndi chilolezo chanu wapampando, ndi chilolezo cha eni malo, ndi mtima wodzala ndi chimwemwe, ndikulengeza kuti chionetsero chino, pamodzi ndi munda wonse wa m'maenje ano, chatsegulidwa kwa anthu onse kuyambira lero. Ndipatseni sizasi imeneyo, imeneyo yokha ndiye ndimaidziwa kagwiridwe kake.

Zikomo kwambiri.